Mwana wakwanitsa zaka ziwiri koma sakulankhula: momwe mungamuyezetsere mu Lusaka

Mwana akafika zaka ziwiri mawu asanatuluke, alangizi amachuluka pakhomo. Ambuya amati atate ake nawonso anachedwa. Aneba amati mwamusokoneza ndi Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi. Wina amati lilime ndi lomangika, kalidulitseni. Ana ena amachedwadi kenako n'kuwapeza anzawo, koma palibe amene angadziwe pongomuyang'ana kuti wanuyo ali m'gulu limenelo. Kuyezetsa sikupweteka, ndipo njira yake ndi iyi.

1. Siyanitsani zaumwana ndi zizindikiro zenizeni

Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amadzigwetsa pansi pamsika mukakana kumugulira chitumbuwa. Amaluma mnzake, amakana chilichonse, amalira mukamusiya ndi mlendo, amasewera pafupi ndi anzake koma aliyense ndi zake. Zonsezi n'zamsinkhu wake. Chibwibwi nachonso chimabwera kwa ana ambiri a zaka ziwiri mpaka zisanu ndipo ambiri chimawathera chokha. Chikapitirira miyezi 6, kapena mwana akamavutika nacho mpaka kukwinya nkhope, muonetseni.

Za zilankhulo musadandaule. Kumva zilankhulo ziwiri kapena zitatu sikuchedwetsa mwana kulankhula, ndipo akati "nifuna water" akungotsanzira mmene akuluakulu timalankhulira m'komboni. Powerenga mawu ake, phatikizani a zilankhulo zonse. "Ima" m'malo mwa nsima ndi mawu. "Pipi" nthawi zonse akaona galimoto ndi mawunso.

Zofunika kuchitapo kanthu ndi izi: wakwanitsa chaka koma sabwebweta "bababa" kapena "mamama", satembenuka mukamuitana dzina, sabayibitsa, pa miyezi 18 alibe mawu ngakhale amodzi ndipo saloza ndi chala, pa zaka ziwiri salumikiza mawu awiri ngati "amama bwera", pa zaka zitatu anthu akunja samva zambiri zimene akunena. Ngati anali ndi mawu kenako anasiya, musadikire tsiku la sikelo.

Kwa ine, chala chimanena zambiri kuposa pakamwa. Mwana amene amaloza ndege m'mwamba n'kukuyang'anani kuti muione nanunso ali panjira, ngakhale mawu ali ochepa. Amene amangokoka dzanja lanu kulifikitsa pa botolo osakuyang'anani kumaso, ameneyo aonedwe msanga.

2. Lembani zimene mukuona

Kwa mlungu umodzi kapena iwiri, lembani m'kope mawu onse amene amanena yekha, osati ongobwereza pambuyo panu. Muyeseninso kumvetsa: manja anu ali kumbuyo, maso osayang'ana pa chinthucho, nenani "bweretsa nsapato". Ana ambiri amatsata maso ndi manja a makolo, n'kumaoneka ngati akumva zonse. Mujambuleni pafoni timavidiyo tiwiri kapena titatu akusewera.

3. Pitani kukiliniki ndi khadi la sikelo

Musangoti "salankhula", chifukwa pamzere wautali yankho lofulumira ndi lakuti adzalankhula. Nenani msinkhu wake, kuchuluka kwa mawu, komanso ngati amaloza ndi kutembenuka akaitanidwa. Tchulani ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati anachedwa kulira pobadwa, ngati anali ndi chikasu, anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, anakomokapo, kapena ngati khutu limatuluka mafinya. Kenako pemphani kalata yokutumizani patsogolo. Zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata zimatha kutumiza mwana ku chipatala cha ana cha UTH (University Teaching Hospital). Akatswiri othandiza kulankhula, ma speech therapist, ndi ochepa m'dziko muno, choncho lembetsani dzina ngakhale tsiku limene akupatsani lili kutali.

4. Makutu ayezedwe kaye

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadumpha. "Amamva, chitseko chikamenyeka amadzidzimuka." Kumva chitseko n'kosiyana ndi kumva kusiyana kwa "sopo" ndi "supu". Madzi otsalira kuseri kwa nembanemba ya khutu pambuyo pa chimfine angachititse mwana kumva mawu ngati ali pansi pa bulangeti kwa miyezi, popanda ululu uliwonse. Chipatala cha Beit CURE pa Great North Road chili ndi gawo la makutu, mphuno ndi pakhosi ndipo chimayeza kamvedwe ka ana. Kuyeza kumodzi, kotchedwa OAE, amangoika kachipangizo kofewa pakhomo la khutu kwa mphindi zochepa, ndipo kumayenda bwino mwana akakhala phee kapena ali mtulo.

5. Tsiku loyezetsa

Mudzaona ngati akungosewera: mpira, zidole, mabuku a zithunzi. Katswiri wothandiza kulankhula uja amakhala akuona ngati mwana akutsatira malangizo, akutsanzira, akuyang'ana kumaso, komanso mmene akupemphera chinthu. Amayang'ana m'kamwa ndi kufunsa za kadyedwe. Za lilime lomangika zimaonedwa pamenepo. Lingavutitse kuyamwa, koma kawirikawiri si chimene chimachititsa mwana kusowa mawu, ndipo kulidulitsa kwa munthu wamba n'koopsa.

Pitani ndi munthu amene amakhala ndi mwanayo masana, kaya ndi ambuya kaya wantchito. Nenani chilankhulo chimene mumalankhula kunyumba kuti asamuyese m'Chingerezi chokha. Adye kaye, ndipo ngati n'kotheka isakhale nthawi yake yogona. Akangokhala duu pamiyendo panu, musamukalipire. Tulutsani mavidiyo aja. Mwina adzakufunsani mafunso a M-CHAT, ofufuzira zizindikiro za autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu) kwa ana a miyezi 16 mpaka 30. Mafunsowo sagamula kuti mwana ali nayo, amangosonyeza ngati pakufunika kufufuza zambiri.

Musanatuluke funsani kuti vuto lili pa kumvetsa kapena pa kutulutsa mawu, muzichita chiyani kunyumba, ndipo mubwerenso liti.

6. Podikira tsikulo

Chepetsani foni ndi TV. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwana wosafika zaka ziwiri asamakhalitsidwe pa sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Lekani kumuumiriza kuti "nena, nena". Pomusambitsa tchulani zimene mukuchita: "sopo, mwendo, madzi ozizira". Mugwirireni zinthu ziwiri n'kufunsa, "nthochi kapena buledi?" kenako khalani chete, muwerenge mpaka faifi mumtima asanayankhe. Akaloza, mupatseni uku mukutchula dzina lake. Akati "nthochi", inu onjezani liwu limodzi lokha: "nthochi yakupsa".