Chifuwa ndi chimfine: si nthawi zonse pamene pamafunika makapisozi

June akafika, chiperoni n'kuyamba kuwomba, mabenchi a pachipatala amadzaza dzuwa lisanatuluke. Uyu akutsokomola, uyo akuyetsemula, mwana ali kumbuyo kwa mayi ake mamina ali chuchuchu. Ambiri mwa anthuwa akalowa kwa adokotala amatuluka ndi Panado yekha, ndipo pakhomo pomwepo mumamva kung'ung'udza: "Ulendo wonsewu ndadzeranji, Panado ndikanagula kwathu komweko." Ena amakhotera kugolosale kukagula amoxicillin kapena Bactrim wa masiku awiri, poganiza kuti achipatala awamana mankhwala.

Makolo anzanga, nthawi zambiri adokotalawo amakhala atachita zoyenera. Chifuwa ndi chimfine zimene zimabweretsa anthu ochuluka kuchipatala, aja ongolandira mankhwala n'kubwerera kwawo, zimayamba ndi tizilombo totchedwa mavairasi. Amoxicillin, Bactrim ndi anzake anapangidwa kuti aphe mabakiteriya, omwe ndi tizilombo ta mtundu wina. Vairasi alibe nazo ntchito. Mungamwe botolo lonse, chimfine chidzatha pa nthawi yake yomwe chikanathera.

Mavairasiwa alipo ambiri. Amene amatigwira kawirikawiri ndi rhinovirus, mwini wake wa chimfine wamba, ndipo ali ndi mitundu yoposa 100. N'chifukwa chake mwana amachira sabata ino, mwezi wamawa wayambanso: wakumana ndi mtundu wina umene thupi lake silikuudziwa. Mwana wamng'ono kudwala chimfine kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pachaka si chachilendo, ndipo si umboni woti wina wamulodza. Palinso fuluwenza, wa mtundu A ndi B, amene amagwira mwadzidzidzi: m'mawa munali kumunda, madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, mafupa onse akuphwanya. Ena ndi adenovirus, amene nthawi zina amafiiritsanso maso, parainfluenza amene amachititsa mwana kutsokomola mosasa mawu, ndi gulu la coronavirus. Pagululi ndi pamene panachokera COVID-19, amene anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 April 2020 ndipo sanathe, angolowa m'gulu la anzakewa.

Koma amene ine amandidetsa nkhawa kwambiri ndi vairasi wotchedwa RSV, chifukwa makolo ambiri sanamvepo dzina lake. Pafupifupi mwana aliyense amakhala atadwalapo RSV asanakwanitse zaka ziwiri. Kwa munthu wamkulu ndi kachimfine chabe, moti amapita kuntchito osadziwa kuti wanyamula kanthu. Kwa khanda la miyezi iwiri kapena itatu ndi nkhani ina. Timachubu ta mpweya m'mapapo mwa khanda ndi tating'ono kwambiri, tikatupa n'kudzaza makhololo mpweya umasowa podutsa. Mwana amayamba kulira mluzu m'chifuwa, kuyamwa pang'ono n'kusiya kuti apume, kenaka kubanika. Chaka chilichonse RSV amapha ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 100,000 padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo ndi a m'maiko osauka ngati kwathu kuno. Ana obadwa masiku asanakwane ndi amene ali pangozi kwambiri.

Tsono poti mankhwala opha mavairasi ambiriwa palibe, ntchito yaikulu ili ndi inu kunyumba, ndipo ndi yoyang'ana mmene mwana akupumira. Kuchuluka kwa mamina kapena kukula kwa chifuwa sikutiuza zambiri. Kapumidwe ndi kamene kamasiyanitsa chimfine ndi chibayo.

Kuwerenga kwake ndi kotere. Dikirani mwana akhale chete, asakhale akulira kapena akuyamwa. Mugonekeni pamiyendo panu, mum'vundukule malaya kuti pamimba ndi pachifuwa zioneke. Tengani foni kapena wotchi, muwerenge kangati pamimba pakukwera pa mphindi imodzi yathunthu. Musawerenge theka n'kuwonkhetsa, chifukwa makanda amapuma mosinthasintha. Ngati mwana sanakwane miyezi iwiri, kupuma ka 60 kapena kuposa ndi kofulumira. Wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ndi 40. Mukapeza nambala yofika pamenepo, mwanayo aonedwe tsiku lomwelo, kaya ndi kwa mlangizi wa zaumoyo pachipatala cha m'mudzi kapena kuchipatala chachikulu. Apa ndi pamene amoxicillin amagwira ntchito yake, chifukwa chibayo chikhoza kukhala cha mabakiteriya, ndipo nthawi zina mabakiteriyawo amalowerera pamene vairasi wafooketsa kale mapapo. Khanda losakwana miyezi iwiri musalichedwetse m'mudzi, lipite kuchipatala basi.

Muyang'anenso m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse chimatukuka. Mukaona kuti pokoka mpweya m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati, kapena timphuno tikutukuka, kapena akubuula popuma, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, kapena akamangogona osadzuka bwino. Kuchipatala kuli okosijeni, ndipo pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi m'zipatala zambiri za maboma kuli timakina ta CPAP tothandiza makanda kupuma mpaka mapapo atapepukidwa. Zimenezi kugolosale kulibe.

Ngati zizindikirozi palibe, samalirani wodwala kunyumba. Woyamwa ayamwe pafupipafupi. Mphuno zikatsekeka amalephera kuyamwa, choncho mupukuteni ndi kansalu koyera konyowa musanam'patse bere. Wamkulupo amwe madzi ambiri, phala lamadzimadzi, tiyi wothira mandimu. Uchi umafewetsa kukhosi, koma musapatse mwana amene sanakwane chaka. Panado ndi wotsitsa kutentha kwa thupi, pa mlingo umene achipatala anena. Asipirini ayi, kwa ana ndi woopsa pamene akudwala fuluwenza. Za kufukiza ndi madzi owira a masamba a bulugamu, zimene zinatchuka nthawi ya COVID-19, ine ndimaletsa kwa ana: vairasi safa nazo, koma mphika ukapendekeka mwana amapsa.

Chimfine chimatenga sabata imodzi kapena masiku khumi. Kachifuwa kotsalira kangapitirire mpaka masabata atatu, ndipo mamina kusanduka achikasu kapena obiriwira si chizindikiro choti pakufunika makapisozi. Komabe kwathu kuno pali zinthu ziwiri zosafunika kuziiwala. Thupi likatentha, kayezetseni malungo, chifukwa malungo ndi fuluwenza zimayamba mofanana, ndipo LA ndi wa amene apezeka ndi malungo okha. Chifuwa chikafika masabata awiri, makamaka pamodzi ndi thukuta la usiku kapena kuwonda, kaperekeni makhololo ayeze TB. Amene muli ndi HIV musadikire n'komwe masabata awiriwo. Fuluwenza imakugwirani mwamphamvu kuposa anzanu, monganso amayi oyembekezera, agogo, ndi odwala mphumu, shuga kapena mtima.

Wina anganene kuti, nanga kumwa kapisozi mmodzi kapena awiri kuli ndi vuto lanji, si kungodziteteza? Vuto lilipo. M'thupi mwathu mumakhala mabakiteriya nthawi zonse, ndipo akamalawa mankhwala pang'onopang'ono amawazolowera. Tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, amoxicillin uja adzapezeka atatha mphamvu. Madokotala a ku Queen Elizabeth akhala akuona matenda a m'magazi amene sakumvanso mankhwala omwe kale ankachiza mosavuta. Pamwamba pa izo, makapisoziwa amatha kutsegula mwana m'mimba popanda phindu lililonse.

Popewa, mavairasiwa amayenda m'timalovu ta potsokomola ndiponso m'manja. Sambani ndi sopo musananyamule khanda, ndipo alendo odzaona mwana amene ali ndi chimfine amuonere patali, ngakhale akhale apongozi. Tsokomolerani m'chigongono. M'minibasi mukhale wotsegula windo, anthu adandaule za mphepo. Utsi wa nkhuni umapweteka mapapo a mwana amene ali kumbuyo mayi akuphika, choncho phikirani pamalo popita mphepo, ndipo mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Kusikelo musajombe. Katemera wa PCV, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu November 2011, sateteza ku chimfine, koma amatchinga mabakiteriya oyambitsa chibayo amene amakonda kutsatira pambuyo pa vairasi. Mwana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Tsegulani buku lake la kuchipatala madzulo ano muone ngati malo atatuwo analembedwa, ndipo ngati pena sipanalembedwe, mubwere nalo tsiku la sikelo likudzali.