Momwe mungapezere oyimba a soul akale amene mayina awo sanamveke

Mukafunsa munthu wokonda nyimbo zakale kuti atchule oyimba a soul, chamba cha nyimbo za anthu akuda a ku America, mayina ake amakhala omwewo: Otis Redding, Aretha Franklin, Marvin Gaye, Al Green, kapena Percy Sledge amene makolo athu ena anakamudziwira ku Joni. Onsewa ndi akatakwe, palibe angatsutse. Koma m'masitudiyo a ku Memphis ndi ku Muscle Shoals ku America, momwe ambiri mwa awa ankajambulira, munkalowanso anthu ena a mawu ogwetsa misozi, kuyimba ndi bandi yomweyo, koma dzina osapita patali. Ine ndakhala ndikuwasaka kwa zaka, ndipo njira yake nayi.

1. Yambirani pa nyimbo imene mukuidziwa kale

Tengani nyimbo yotchuka, mufufuze kuti anayamba kuyimba ndani. Nthawi zambiri mupeza kuti si amene mumaganizira. "Piece of My Heart" anthu amaidziwa ndi Janis Joplin, koma woyamba anali Erma Franklin mu 1967, mkulu wake wa Aretha. "I Can't Stand the Rain" imene Tina Turner anatulutsa mu 1984 mwini wake ndi Ann Peebles, ya mu 1973. "That's How Strong My Love Is" inamveka ndi Otis Redding, koma O.V. Wright ndiye anaitulutsa poyamba mu 1964 ku kampani yaing'ono ya Goldwax. Apa mwapeza kale mayina atatu. Alembeni papepala, musadalire mutu.

2. Werengani timalemba ting'onoting'ono

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa mbale zambiri pamakhala dzina la wopeka nyimbo, wojambula ndi kampani. Pa Discogs, tsamba la pa intaneti losunga tsatanetsatane wa mbale za nyimbo, zonsezi zilipo, nthawi zambiri ndi chithunzi cha mbaleyo, ndipo kuwerenga n'kwaulere. Mukapeza dzina, litsatireni ngati mapazi a nyama.

Pa mbale za Ann Peebles mupeza dzina la Willie Mitchell wa ku kampani ya Hi Records, yemwe ankajambulanso Al Green. Mukamutsata akufikitsani kwa Syl Johnson, Otis Clay ndi O.V. Wright uja. Kumbuyo kwawo kunkakhala abale atatu a Hodges: Teenie pa gitala, Leroy pa besi, Charles pa limba, ndi Howard Grimes pa ng'oma. Khutu likazolowera ng'oma yoyenda mwachifatse ija, mumaizindikira woyimba asanatsegule pakamwa.

Pa nyimbo ya Erma Franklin ija pali dzina la Jerry Ragovoy, amene anaipeka ndi Bert Berns. Ragovoy yemweyo ndiye ankajambula Howard Tate, mwini wake wa "Get It While You Can" ya mu 1967, amene pambuyo pake anasowa kwa zaka zambiri mpaka anthu kudzamupeza mu 2001.

Nayo Goldwax ikufikitsani kwa James Carr. Kwa ine, pa oyimba onse amene sanapatsidwe ulemu wowayenera, ameneyu ndiye woyamba. Mverani "The Dark End of the Street" ya mu 1967, yopekedwa ndi Dan Penn ndi Chips Moman. Sakuwa ayi, mawu ake ndi akuya, ndipo amayimba ngati munthu amene akudziwa kuti zimene akuchita zidzaululika. Matenda a maganizo anamusokoneza ntchito yake ili pachimake, ndipo anamwalira mu 2001.

3. Onetsetsani kuti mwapeza yoyambirira

Apa ndi pamene ine ndinagwa nazo, ndiye mundilole ndikhalitsepo.

Nditalemba mndandanda wanga, ndinaona kuti bandulo sindikwanitsa, ndiye ndinatenga fulashi kupita kwa anyamata obena nyimbo kumsika. Mnyamatayo anangoponya diso papepala, nati zonse zilipo, ndibwere madzulo. Ndinalipira. Loweruka lake ndinapita nayo kwa a malume, amene anagwirapo ntchito ku Joni ndipo anali ndi mbale za Percy Sledge kalekale. Tinakhala pakhonde, kasipika kali pampando. Ndinayamba ndi "When a Man Loves a Woman" kuti ndiwasangalatse. Sipanathe ndi theka la mphindi, anatukula dzanja.

"Mphwanga, zimitsa. Si imeneyi."

Ndinati, "Ndi yomweyo a malume, mawu ake ndi omwewo."

Iwo anapukusa mutu. Anati ya pa mbale yawo ija imayamba ndi limba ngati la m'tchalitchi, ndipo munthu wake anali mnyamata, pomwe uyu ndi bambo wachikulire woyimba pamwamba pa kiyibodi. Anali kunena zoona. Woyimba anali yemweyo, koma sinali ya mu 1966, inali yojambulidwanso patapita zaka.

Nditabwerera kunyumba ndinayamba kuziona imodziimodzi, ndipo ndinapeza china chimene chinandipweteka kwambiri. Nyimbo ya James Carr anailemba kuti Otis Redding. Ndinali nditaimvera kangapo, kumatamanda munthu wina. Umu ndi mmene oyimba awa amaiwalikira kachiwiri: nyimbo imayenda kuchoka m'foni kupita m'foni, dzina la mwini wake litagwera m'njira.

Zojambulidwanso zilipo zambiri chifukwa oyimba ambiri a nthawi imeneyo sanali eni ake a matepi awo, ndipo ndalama zimene ankalandira zinali zochepa. Atakula, timakampani tina tinkawaitana kuti ayimbenso nyimbo zawo zakale. Sindiwadzudzula, munthu amafunika kudya. Koma wosaka soul ayenera kudziwa chimene akumvera.

Ndiye chitani izi. Yang'anani chaka chimene chili pafupi ndi kachizindikiro ka P kozunguliridwa pa chimbale. Mukaona mawu oti "re-recorded" kapena "new recording", dumphani. Yerekezani kutalika kwa nyimboyo ndi kumene kwalembedwa pa Discogs, chifukwa zambiri za m'ma 1960 zinkathera cha pa mphindi zitatu. Kenako tcherani khutu. Malipenga enieni amamveka mpweya wa munthu, ng'oma yamanja siigunda mofanana ndendende ngati ya makina. Samalaninso ndi zimbale za mutu woti nyimbo makumi awiri zachikondi, zokhala ndi chithunzi cha duwa kapena kandulo m'malo mwa nkhope ya woyimba. Zambiri mwa zimenezi ndi zojambulidwanso zija.

Kwa obena nyimbo sindikunena kuti musapiteko. Ena amayesetsa, koma nawonso anangotsitsa pa intaneti osaona. Mverani nyimbo ziwiri kapena zitatu pomwepo musanatulutse ndalama.

4. Tsatirani makampani otulutsanso zakale

Alipo amene amagwira ntchitoyi mwaulemu, kutenga matepi enieni ndi kulemba mbiri yake. Ace ndi Kent a ku London anatulutsanso zambiri za Goldwax, komanso mndandanda wa Deep Soul Treasures wosankhidwa ndi Dave Godin. Numero Group ya ku Chicago ili ndi Eccentric Soul, ya timakampani ta m'matauni osiyanasiyana a ku America. Kuitanitsa CD kuchokera kunja n'kodula, ndalama yotumizira imatha kuposa ya chimbalecho, ndiye ngati muli ndi m'bale ku UK kapena ku Joni, dikirani pobwera. Apo ayi, onani mayina a nyimbo za m'zimbalezi n'kuzisaka pa YouTube ndi bandulo yausiku. Tsitsani kuwala kwa chithunzi mpaka 144p, pakuti mukufuna mawu okha.

Musaiwale magulu. The Soul Children anawaphatikiza Isaac Hayes ndi David Porter ku kampani ya Stax mu 1968, amuna awiri ndi akazi awiri olandizana mawu ngati kwaya. The Dells a ku Illinois ali ndi "Stay in My Corner" ya mu 1968, yopitirira mphindi zisanu ndi chimodzi.

5. Sungani bwino

Lembani dzina la woyimba, mutu ndi chaka pa fayilo iliyonse. Sungani pa malo awiri, mamemole khadi otchipa amafa osatsanzika.

6. Mverani mmodzimmodzi

Woyimba mmodzi sabata yonse, ndi mahedifoni ngati muli nawo, besi pa sipika ya foni siimveka. Ine sabata ino ndili pa Candi Staton, nyimbo zimene anajambula ndi Rick Hall ku situdiyo ya Fame ku Muscle Shoals kuyambira mu 1969. Sabata ya mawa ndi ya Barbara Lynn, mayi wa ku Texas woyimba gitala ndi dzanja lamanzere, amene a malume akuti sanamumvepo.