Unyolo wa mapepala wokongoletsera nyumba pa Khirisimasi

Mwafunsa mmene mungaupangire ndi ana popanda guluu wogula. Yambani ndi chomatira: sungunulani masupuni 2 a ufa wa kondowole m'kapu imodzi ya madzi ozizira, mutereke pamoto wochepa n'kumatakasa mpaka phalalo litayamba kunanda. Mukathira ufawo m'madzi otentha limachita mibulu. Lizizire kaye.

Dulani mapepala amitundumitundu, masentimita 2 m'lifupi, 15 m'litali. Sizasi agwire wamkulu, ana azimata. Pakani phala pang'ono kunsonga, pindani ngati mphete, tsinani masekondi 20. Pepala lotsatira lilowe m'mphete yoyamba musanalimate.

Phala likachuluka, pepala limanyowa n'kung'ambika. Poti Disembala ndi wamvula, yanikani unyolowo m'nyumba usiku wonse, ndipo poupachika utalikirane ndi makandulo.