Kusankha mtundu wa ubweya potolera zidole za akavalo

Munthu akangoyamba kutolera zidole za akavalo amagula chilichonse chomwe chamukola m'maso, ndipo pakatha chaka shelefu imadzaza ndi akavalo omwe ambiri mwa iwo sawayang'ananso. Njira yabwino ndi kusankhiratu mtundu umodzi kapena iwiri ya ubweya yomwe imakufikani pamtima, kuiphunzira momwe imaonekera pa kavalo wamoyo, kenako n'kumayesa chidole chilichonse ndi muyeso umenewo musanatulutse ndalama.

Yambani ndi mitundu itatu yomwe ndi tsinde la ina yonse. Pali wakuda bii. Pali chestnut, wofiira thupi lonse, wopanda ubweya wakuda ngakhale kumiyendo. Pali bay, wofiirira thupi koma wakuda manyenje, mchira, m'mbali mwa makutu ndi kumunsi kwa miyendo. Sonkhanitsani zithunzi khumi kapena makumi awiri za akavalo enieni omwe amakusangalatsani, muziyale pamodzi. Mudzaona kuti maso anu amabwerera kutsinde limodzi. Poyambira panu ndi pamenepo.

Mitundu yowala yomwe ambiri amaikonda imachokera pomwepo. Chibadwa chotchedwa cream chikalowa kamodzi mwa chestnut, pamatuluka palomino, wagolide wa manyenje oyera. Chikalowa mwa bay, pamatuluka buckskin, wachikasu koma miyendo, manyenje ndi mchira zikadali zakuda. Chikalowa kawiri, kuchokera kwa make ndi kwa bambo wake, kavalo amayera mbuu, khungu limakhala lapinki ndipo maso amakhala abuluu. Ameneyu ndi cremello kapena perlino. Chidole cha cremello chokhala ndi maso akuda ndi cholakwika, ngakhale utoto wake utakongola chotani.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa buckskin ndi dun, chifukwa onse amaoneka achikasu. Chiyang'aneni chidolecho kuchokera pamwamba. Dun amakhala ndi mzere wakuda wooneka bwino kuyambira pamanyenje, kutsata msana, mpaka kulowa mumchira, ndipo kawirikawiri amakhala ndi timizere topingasa kumiyendo ngati ta mbidzi. Buckskin weniweni alibe zimenezi. Chimodzimodzinso wotuwa ndi roan. Kavalo wotuwa amabadwa wodera n'kumayera pamene akukula, kuyambira kumaso, koma khungu lake limakhalabe lakuda, choncho pamphuno ndi mozungulira maso payenera kuoneka podera. Roan ali ndi ubweya woyera wosakanikirana ndi wa mtundu wake pathupi, koma mutu ndi miyendo zimakhala zodera moyo wake wonse.

Ngati mtima wanu uli pa akavalo amawangamawanga, apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa ndi pomwe opaka utoto amaphonya kwambiri. Pa tobiano, choyera chimadutsa pamsana kuchoka mbali ina kupita mbali ina, miyendo imakhala yoyera, mawanga amakhala obulungira, ndipo mutu umakhala wodera monga wa kavalo wamba. Pa frame overo ndi mosiyana: choyera chimakhala m'nthiti ndi m'khosi, sichidutsa pamsana, m'mphepete mwake ndi mokhotakhota, miyendo imakhala yodera ndipo nkhope imayera kwambiri. Wamathothomathotho wa fuko la Appaloosa ali ndi zizindikiro zitatu zomwe chidole chabwino chimaonetsa: khungu la timadontho pamphuno, ziboda za mizere yotsika, ndi choyera chooneka m'mbali mwa diso. Pa mtundu uliwonse, yang'anani ziboda. Mwendo woyera mpaka pansi umathera pa chiboda chowala. Mwendo wodera kawirikawiri umathera pa chiboda chodera. Ndi kanthu kakang'ono, koma mukakazolowera simungakaphonyenso.

Mtundu wa ubweya uyeneranso kugwirizana ndi fuko la kavalo yemwe chikombole cha chidolecho, kutanthauza kaumbidwe ka thupi lake, chikuimira. Friesian ndi wakuda. Haflinger ndi chestnut wa manyenje owala. Fjord wa ku Norway ndi dun. Arabian wosasakanizika amakhala bay, chestnut, wotuwa kapena wakuda, osati palomino kapena tobiano. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene akufuna kukapikisana pa zionetsero za zidolezi, monga zomwe zimachitika pa BreyerFest, chikondwerero cha kampani yopanga zidolezi ya Breyer, ku Kentucky Horse Park ku Lexington, ku America, mwezi wa July chaka chilichonse, chifukwa woweruza amafuna kuti fuko lomwe mwalemba ligwirizane ndi thupi komanso mtundu wa chidolecho. Chidole cha thupi la Arabian koma cha palomino chilembeni kuti ndi Arabian wosakanizika, ndipo nkhani yatha.

Tsono ganizirani momwe mtundu wanu umakalambira. Zidole za Breyer, kampani yomwe inatulutsa kavalo wake woyamba mu 1950 ku Chicago, zambiri ndi za pulasitiki yotchedwa cellulose acetate, ndipo pa zakale zambiri malo oyera si utoto ayi, ndi pulasitiki yosapakidwa. Pulasitikiyi imasanduka yachikasu ndi zaka, makamaka m'nyumba ya utsi wa fodya. Ndiye wokonda akavalo oyera, otuwa ndi amawanga ndiye amavutika nazo. Chidole chotere chiikeni pawindo polowa kuwala, muzichitembenuza tsiku ndi tsiku. Chimayera pakatha masiku kapena masabata. Koma muzichikhudza ndi dzanja masana. Chikatentha chichotseni, chifukwa kutentha kumapinda miyendo, ndipo kabowo kotulutsira mpweya kamene kamakhala pamphuno kapena pakona ya pakamwa kakatsekeka, thupi limafufuma. Dzuwa lambiri limasulutsanso utoto wapinki wa pamphuno.

Akavalo akuda ndi a bay ali ndi vuto lawolawo: fumbi limaonekera msanga, ndipo pokhulika paliponse pamatuluka kadontho koyera. Musanagule, pemphani zithunzi zojambulidwa panja pamthunzi, za mbali zonse ziwiri, pamsana, nsonga za makutu, ziboda ndi nsonga ya mchira. Kuwala kwa babu kumasandutsa chestnut kukhala ngati palomino. Pokhulikapo musapakepo utoto kapena cholembera. Chidole chokonzedwa sichiwerengedwanso kuti chili ndi utoto wa kufakitale, ndipo mtengo wake umatsika. Potsuka, madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wa mbale n'zokwanira. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo amasungunula utoto pamodzi ndi pulasitiki yomwe.

Alipo ena amene safuna n'komwe mitundu ya akavalo enieni. Amasaka ya buluu ndi yagolide yomwe Breyer inatulutsa m'zaka za m'ma 1960, ya mayina a Wedgewood, Copenhagen, Gold Charm ndi Florentine. Ndi yosowa komanso yodula, si yoyambira.

Malo nawo amalamula. Chidole cha Breyer cha Traditional, cha muyeso wa 1:9 poyerekeza ndi kavalo wamoyo, chimatalika pafupifupi masentimita 30 kuchokera kumphuno mpaka kumchira, pomwe cha Stablemates, cha 1:32, chimakwana m'chikhatho. Ngati mukufuna chikombole chimodzi m'mitundu yake yonse, chomwe otolera amachitcha conga, yambani ndi zazing'onozo. Pozindandalika, ikani wowala pakati pa odera awiri kuti aliyense aoneke, ndipo siyani mpata wa zala ziwiri pakati pawo, chifukwa mmodzi akagwa amagwetsa mzere wonse.