Mukafuna kukwera phiri la Taranaki ku New Zealand

Taranaki ndi volokano ya mamita 2,518 kumadzulo kwa chilumba cha North Island, ndipo ukaliona uli mu tawuni ya New Plymouth limaoneka lofatsa ngati ungakwere n'kutsika usanadye lanchi. Musanamizidwe abale, anthu opitilira 80 anafera mphiri limeneli, makamaka chifukwa nyengo imatembenuka mwadzidzidzi.

Pitani pakati pa Januwale ndi Epulo. Miyezi ina yonse pamwamba pamakhala ayezi yekhayekha, za akatswiri a zida zawo zimenezo. Usiku woti mawa mukwera onani za nyengo pa MetService, bungwe la zanyengo la kumeneko, akati kuli mphepo yamphamvu ingosinthani tsiku basi, osalimbana nazo.

Njira imayambira ku North Egmont, pagalimoto ndi mphindi ngati 30 kuchokera ku New Plymouth. Pazikwangwani muona dzina loti Egmont, limenelo analipereka kwa phirili ndi Captain Cook, woyenda panyanja wa ku Britain, mu 1770. Nyamukani kusanache chifukwa kupita ndi kubwera ndi maola 8 mpaka 10. Choyamba ndi kansewu kotsetsereka kotchedwa The Puffer mpaka pa Tahurangi Lodge, kenako masitepe, ndiye pamabwera pamene ambiri amalira, timiyala toyoyoka toti ukaponda kawiri umatereleka kubwerera kamodzi, apa musathamange, pondani pang'onopang'ono mukutsata mapolo mpaka pamiyala ya The Lizard pomwe mugwiritsa ndi manja omwe. Mu dzenje la pamwamba ayezi sasungunuka yense ngakhale kotentha. Madzi tengani ambiri, munjira mulibe potunga, tenganinso jekete ya mvula, juzi, tochi, nsapato zogwira. Galu ndi woletsedwa. Zikavuta imbani 111, nambala ya zangozi.

Koma chachikulu ndi ichi, kwa a Maori, eni nthaka a ku New Zealand, phirili ndi kholo lawo ndipo nsonga yake ndi mutu wake. Ndiye mukafika musaime pamwala wapamwamba penipeni kuti mujambulitse, imani chammunsi pang'ono, osaphika kapena kugona pamenepo. Mu 2025 nyumba ya malamulo inavomereza kuti phirili lili ndi ufulu ngati munthu, si nthabwala ayi.

Ngati mawondo ndi ovuta sikuti mpaka kunsonga, tengani Mangorei Track mukafike ku Pouakai Tarns, timadamu pomwe phiri limaonekera mmadzi kukakhala bata, kapena mathithi a Dawson Falls cha kummwera. Kunena zoona chithunzi chabwino chimajambulidwa ku Pouakai, osati pamwamba.