Momwe mungafikitsire vuto la m'mudzi mwanu ku khonsolo ya boma la Zomba

Kwathu, kumunsi kwa Jali chakunyanja ya Chilwa, kudali kamlatho ka matabwa komwe ana ankaolokerapo popita kusukulu. Madzi a namondwe wa Freddy adakakokolola mu Marichi 2023. Tidadandaula pamaliro, pachigayo, pamjigo, ngakhalenso pamsonkhano wina pomwe mlendo wobwera pagalimoto adalonjeza pamaso pa mafumu kuti mlatho umangidwa mvula isanagwe. Dzinja lidadutsa kawiri. Tsiku lomwe ine ndi anzanga awiri tidakwera kabaza kukafunsa kutauni, tidapeza kuti mlatho wathuwo sudalembedwe papepala lililonse. Kulakwa kudali kwathu. Tidalira mokweza zaka ziwiri, koma palibe adagwira cholembera.

Khonsolo imayendera zolembedwa. Vuto lomwe silidalowe m'mapulani, ngakhale lipweteke bwanji, kumeneko kulibe. Ndalemba izi kuti ena a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji, kwa Mlumbe kapena kwa Chikowi asataye zaka monga tidatayira ife.

Choyamba: dziwani khomo loyenera kugogoda

Ku Zomba kuli makhonsolo awiri. Ina ndi ya mzinda, ina ndi ya boma, ndipo ife akumidzi yathu ndi yachiwiriyi, yomwe pa kalembera wa 2018 inkasamalira anthu oposa 740,000. Kuyambira pomwe lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidakhazikitsidwa mu 1998, ntchito monga sukulu zapulayimale, zipatala zing'onozing'ono, mijigo, misika, misewu yafumbi ya m'midzi ndi ulangizi wa zaulimi zidaikidwa m'manja mwa khonsolo. Koma msewu waukulu wa M3 ndi wa Roads Authority, magetsi ndi a ESCOM. Mukapita nazo zimenezo ku khonsolo akumverani mwaulemu, koma mphamvu yake alibe.

Chachiwiri: itanitsani msonkhano, musankhe chinthu chimodzi, mulembe

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo. Pa gulupu aliyense payenera kukhala komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene tonse timaitchula kuti VDC. Ngati kwanu idafa kapena idangotsala dzina, pitani kwa agulupu mukapemphe kuti idzutsidwe, ndipo anthu asankhidwe pabwalo, osati kuloza achibale usiku. Mfumu ndi mlangizi wa komiti, wapampando amasankhidwa pakati pa anthu wamba.

Pamsonkhano padzatuluka mavuto khumi ndi awiri: mjigo, mlatho, nyumba ya aphunzitsi, sikelo ya ana, msewu, dibi la ng'ombe. Onse ndi oona. Koma mukawatumiza onse mofanana, mwapereka mwayi kwa wina wakutali kuti akusankhireni. Kanganani pomwepo pansi pa mtengo mpaka mugwirizane choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Ndikupemphani chinthu chimodzi chomwe ndidachiona ndi maso: amayi ndi achinyamata ayambe akambirana paokha asanabwere pagulu. Kwathu abambo tinkafuna msewu, koma amayi atakhala paokha adabwera ndi mawu akuti mwana wa sitandade 2 sangaoloke mtsinje wodzadza, ndipo palibe adatsutsa.

Mukasankha, werengani. Musalembe kuti "anthu ambiri akuvutika ndi madzi". Lembani kuti mabanja angati akumwa pa mjigo umodzi, amayi amayenda mphindi zingati, mjigowo udafa mwezi uti, ndipo amakaniki a m'dera adati chawonongeka n'chiyani. Ngati ndi sukulu, aphunzitsi aakulu ali ndi kaundula wa ana omwe amajomba nthawi ya mvula. Ngati ndi matenda otsegula m'mimba, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ali ndi chiwerengero. Jambulani zithunzi pafoni. Lembaninso zomwe mudzi ungapereke wokha, monga mchenga, miyala, madzi ndi manja, chifukwa pempho lobwera ndi chopereka limamveka mosiyana ndi pempho la manja lende.

Zonsezi zilowe mu pulani ya chitukuko ya mudzi, imene a khonsolo amaitcha VAP. Mlembi alembe tsiku, mayina a omwe adabwera, ndipo agulupu adinde chidindo. Kenako chitani chomwe ife tidaphunzira mochedwa: pangani fotokope ziwiri kapena zitatu. Pepala limodzi lokha limasowa m'chikwama cha munthu, limanyowa, kapena ana amakutira nalo buku.

Chachitatu: perekezani pepalalo ku ADC

Mapulani a ma VDC onse a m'dera la T/A amakakumana ku komiti ya chitukuko ya dera, ADC. Kumeneko mlatho wanu ukapikisana ndi mjigo wa mudzi wina ndi chipinda chophunziriramo cha mudzi winanso. Musangotuma wapampando n'kukhala pansi. Funsani tsiku la msonkhano, mumuthandize ya kabaza, ndipo akabwera afotokoze pabwalo kuti nkhani yanu yaikidwa pa nambala yanji. Ogwira ntchito za boma a m'dera, alangizi a zaulimi, a zaumoyo, a zachitukuko ndi oyang'anira sukulu, ali ndi komiti yawo ya AEC imene imalangiza ADC. Mmodzi wa iwo akadzaona yekha malowo, mawu anu amalemera.

Kuchokera ku ADC nkhani zimapita kwa akatswiri a khonsolo, n'kukalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse ya zaka 5. Samalani nyengo. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi, ndiye bajeti imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake. Mukabwera ndi pempho mu Meyi, mwapeza nsima itagawidwa kale. Chitani msonkhano wa m'mudzi mukangokolola, kuti pofika Okutobala pepala likhale litadutsa ku ADC.

Chachinayi: gwirani khansala wanu

Anthu ambiri sadziwa dzina la khansala wawo, koma la phungu amalidziwa. Chifukwa chake chilipo. Makhansala omwe adasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zimenezo zidatizoloweretsa kuti chilichonse, kuyambira bokosi la maliro mpaka mlatho, n'cha phungu. Komatu ntchito yaikulu ya phungu ndi kupanga malamulo ku Lilongwe. Amene amakhala m'makomiti a khonsolo a zachuma, zamaphunziro, zaumoyo ndi zomangamanga, n'kuvota pa bajeti ya boma lanu, ndi khansala.

Mupatseni fotokope yake pamaso pa anthu. Mufunseni kuti nkhaniyi ipita ku komiti iti, ndipo adzabwera liti kudzakuuzani zomwe zakambidwa. Phungu mumupatsenso yake, mafumu aakulu nawonso adziwe, pakuti amakhala nawo m'khonsolo ngakhale savota. Chokhacho, musalole kuti pempho la mudzi livale nsalu ya chipani. Mlatho amaolokapo aliyense.

Chachisanu: funsani kuti ndalama zichokera thumba liti

Mukamva yankho lakuti "ndalama palibe", musapse mtima msanga, komanso musabwerere pomwepo. Nthawi zambiri yankholi ndi loona, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake. Khonsolo ya mzinda imatolera msonkho wa nyumba ndi malo. Ya kumidzi imadalira matikiti a m'misika monga Thondwe, Songani, Jali ndi Mayaka, ziphaso za mabizinesi ndi tina tochepa. Zotsalazo zimachokera ku boma lalikulu kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya National Local Government Finance Committee, ndipo zambiri zimabwera zitamangidwa kale: izi n'za zaumoyo, izi n'za maphunziro, sizingasunthidwe. Ndondomeko ya 1998 idati makhonsolo azilandira 5 pa 100 iliyonse ya ndalama zomwe boma limatolera kuti achitire chitukuko, koma bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula zaka zambiri kuti zomwe zimafika n'zochepa ndipo zimachedwa. Onjezani kukula kwa boma lathu. Wogwira ntchito mmodzi akuyenera kukaona ntchito ku Chingale kuseri kwa phiri, mawa lake akwere bwato pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi, mafuta a galimoto palibe. Ndiye pakabwera madzi osefukira ngati a 2015, a 2019 kapena a 2023, zomwe zidamangidwa zaka khumi zimapita usiku umodzi.

Komabe matumba a chitukuko alipo, ndipo muwatchule mayina. Pakhala pali DDF, thumba la chitukuko cha boma. Pali CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, lomwe lidayamba mu 2006. Pakhalanso pali ndalama za pulojekiti ya GESD zochokera ku World Bank, zomwe khonsolo yakhala ikulandira molingana ndi momwe yakhozera pa kuunika kwa chaka ndi chaka. Za CDF pakhala kukokanakokana. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, pa mlandu womwe MALGA idakasuma, lidagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'khonsolo kapena kuyendetsa thumbali. Choncho funsani ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko kuti chaka chino ndondomeko yake ndi yotani. Funso labwino si lakuti "mutimangira liti?" koma lakuti "ntchito ya mtundu uwu imalowa thumba liti, ndipo mndandanda wa chaka chino uli pati?"

Chachisanu ndi chimodzi: pitani mukamve nokha, mupemphe zikalata

Msonkhano wa khonsolo yonse umachitika kosachepera kanayi pachaka, ndipo anthu wamba amaloledwa kukhala n'kumamvera. Sonkhani ndalama ya minibasi, mutume anthu awiri, mwamuna ndi mkazi. Khansala amene akudziwa kuti anthu akwawo akhala kumbuyo amayankhula mosiyana.

Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mutha kulembera khonsolo kalata yopempha bajeti, mndandanda wa ntchito zachitukuko za m'dera lanu, kapena mtengo wa ntchito inayake, ndipo ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Kalata ikhale yaifupi, itchule chikalata chomwe mukufuna, ndipo wolandira adinde pa fotokope yanu. Akakhala chete, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli. Safunsa adadya phula.

Chachisanu ndi chiwiri: ntchito ikabwera, musagone

Tonse tawaonapo maziko omera udzu ndi mijigo youma mwezi wachitatu. Kontilakitala akafika, pakhale komiti ya anthu a m'mudzi yoyang'anira ntchitoyo. Chikwangwani chionetse mtengo, thumba lomwe ndalama zachokera ndi tsiku lomaliza. Lembani m'kope matumba a simenti omwe afika ndi omwe agwiritsidwa ntchito. Musasainire kuti ntchito yatha bwino pomwe khoma lang'ambika, ngakhale akupatseni ya fanta. Mukaona zokayikitsa yambirani kwa khansala ndi ku ADC, zikakanika lemberani bwanamkubwa. Za katangale, bungwe lolimbana ndi katangale la ACB lili ndi ofesi mu Zomba momwemo, ndipo za kuchedwetsa kapena kukondera zimapita kwa Ombudsman, wolandira madandaulo a anthu pa maofesi a boma. Mawailesi athu a Chanco ndi YONECO amafika m'midzi yambiri, koma pitani kumeneko ndi pepala m'manja, osati mphekesera, ndipo musatchule munthu kuti ndi wakuba popanda umboni.

Zomwe tiyenera kukuwa limodzi ndi khonsolo

Pali zinthu zina zomwe khansala kapena bwanamkubwa sangakonze ngakhale atafunitsitsa, ndipo pa zimenezi ife ndi iwo tili mbali imodzi. Ndalama za makhonsolo zizifika pa nthawi yake, chifukwa ndalama ya msewu wafumbi yobwera mu Januwale imathera m'matope. Gawo lija la 5 pa 100 likwaniritsidwe. Pakhale ndalama yokonzera zomwe zidamangidwa kale, pakuti aliyense amakonda kudula riboni koma mjigo wakufa ulibe mwini. Malo a alangizi ndi amisiri omwe ali opanda anthu adzazidwe. Ndipo mamembala a VDC ndi ADC, omwe amagwira ntchito mongodzipereka, aziphunzitsidwa akangosankhidwa. Ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, imathandiza pa maphunziro otere mukaipempha. Izi ndi zomwe muyenera kumufunsa phungu akabwera, chifukwa bajeti ya dziko imadutsa m'manja mwake. Ma ADC atatu kapena anayi akalemba kalata imodzi, imamveka kuposa ya mudzi umodzi.

Ife mlatho wathu sunamangidwebe. Koma tsopano uli pa nambala yachiwiri pa mndandanda wa ADC, amisiri adabwera kudzayeza, ndipo miyala tidaunjika kale m'mphepete mwa mtsinje. Fotokope imodzi ili kwa agulupu, ina kwa aphunzitsi aakulu, yachitatu ili m'jumbo pansi pa matiresi anga. Pakadali pano, mvula ikagwa usiku, abambo awiri amadzuka m'mamawa kukaolotsa ana.