Ngati ntchito yakupezerani malo ku Lakenheath

Amalawi ambiri tikamva za ku England timaganiza za London, Manchester kapena Leeds. Koma ntchito yosamalira okalamba ndi ya m'mafamu imagwetsera anthu m'midzi imene sanaimvepo n'kale lonse. Umodzi mwa midziyi ndi Lakenheath, m'chigawo cha Suffolk kum'mawa kwa dzikoli. Pa kalembera wa 2011 munali anthu osakwana 5,000. Mudziwu ndi waung'ono, koma uli pakhomo pa bwalo lalikulu la ndege zankhondo, ndipo bwalolo ndi limene limalamula mtengo wa nyumba, tulo tanu, ngakhale anthu amene mudzaima nawo pamzere m'sitolo.

Dzina la bwaloli ndi RAF Lakenheath (RAF ndi gulu la ndege zankhondo la Britain), ngati kuti ndi la Angerezi, koma okhalamo ndi asilikali a ku America. Linamangidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Amereka anafika mu 1948, ndipo gulu lawo la 48th Fighter Wing linasamukirako kuchokera ku France mu 1960. Ndege zimene zinakaphulitsa mabomba ku Libya mu 1986 zina zinanyamukira pompano. Lero kuli ma F-15, komanso ma F-35 amene anayamba kufika mu Disembala 2021. Pang'ono pokha kum'mwera kuli bwalo lina la Amereka, RAF Mildenhall.

Phokoso musalipeputse. Ndege zikamanyamuka ziwiriziwiri, mumasiya kaye kulankhula pafoni mpaka zidutse. Zimauluka kwambiri mkati mwa sabata, ndipo nthawi zina amaphunzira usiku, zomwe amalengezeratu pa masamba awo a Facebook. Wogwira shifiti ya usiku n'kumagona masana ndiye amavutika koposa. Choncho nyumba mukaione Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, osati Lamlungu pamene kumwamba kuli zii. Imani m'chipinda chogona, tsekani mawindo, mumve nokha.

Za lendi ndiye pali nkhani. Asilikali a ku America amalandira ndalama yapadera yolipirira nyumba, ndipo eni nyumba amadziwa bwino zimenezi. Nyumba yabwino ya zipinda zitatu kapena zinayi amaiika pa mtengo woyenera thumba la Mmereka, osati la munthu wosamalira okalamba. Musadabwe kuona mudzi wa kutali chonchi uli ndi lendi yoluma. Yang'ananinso ku Brandon, Mildenhall ndi Thetford musanasaine. Lamulo la ku England salola mwini nyumba kutenga dipoziti yoposa lendi ya masabata asanu pa nyumba wamba, ndipo ndalamayo iyenera kutetezedwa kudzera ku bungwe lovomerezeka ndi boma. Funsaninso kuti nyumbayo imatenthetsedwa ndi chiyani. M'midzi ya kuno nyumba zina zimagwiritsa ntchito mafuta a m'thanki ya kuseri, ndipo kudzaza thankiyo kumafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, nyengo yozizira isanafike. Msonkho wa nyumba umapita ku khonsolo ya West Suffolk.

Zofunika za tsiku ndi tsiku zili mu High Street ndi pafupi pake: sitolo ya Co-op, malo ogula zakudya zophikaphika, laibulale yaing'ono, sukulu ya pulayimale ndi kachipatala ka madokotala a m'dera amene kuno amati GP. Kalembetseni kumeneko sabata yoyamba, musadikire kudwala, kulembetsa n'kwaulere. Chipatala chachikulu ndi West Suffolk Hospital ku Bury St Edmunds, ulendo wa theka la ola pagalimoto. Masitolo a mkati mwa bwalo, amene mudzamva kuti ndi otchipa, ndi a asilikali ndi mabanja awo okha. Ufa wa nsima, nsomba youma ndi nyemba zodziwika bwino muzikazipeza ku Cambridge, makamaka mu Mill Road, kapena kuitanitsa pa intaneti.

Koma chimene chimasautsa alendo ambiri ndi mayendedwe. Pa mapu mudzaona siteshoni ya sitima ya Lakenheath n'kusangalala. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi asanu kuchokera m'mudzi, ndipo sitima zimaimapo mwa apo ndi apo kumapeto kwa sabata basi. Siteshoni yodalirika ndi ya Brandon, pa njanji ya pakati pa Norwich ndi Cambridge. Mabasi alipo, koma madzulo ndi Lamlungu amasowa ngati minibasi ya kumudzi nthawi ya dzinja. Popanda galimoto, shifiti ya 7 koloko m'mawa idzakudyerani malipiro pa matakisi. Laisensi ya ku Malawi mungayendetse nayo kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika m'dzikoli, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno mwachindunji monga amachitira ndi ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Muyenera kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu, ndipo mzere wodikira ndi wautali, ndiye yambani mwezi woyamba womwe. Mwayi wathu ndi woti tinazolowera kuyenda kumanzere. Anzathu a ku America kwawo amayenda kumanja, ndiye pa mphambano za pafupi ndi zipata za bwalo khalani tcheru.

Mudziwu sunayambe ndi ndege. Uli m'malire mwa nthaka ya mchenga ya Breckland ndi madambo a Fens, ndipo kale katundu ankafika pa mabwato. Kumchengako amonke a mumzinda wapafupi wa Ely ankawetako akalulu ochuluka chifukwa cha nyama ndi ubweya. Tchalitchi cha St Mary, chomwe mbali zake zina zatha zaka zoposa 800, chili ndi zithunzi zakale pamakoma ndi mabenchi osemedwa mwaluso; lowanimo ngakhale muli a mpingo wina. Mu 1997, pokumba mkati mwa bwalo, anapeza manda a msilikali wa nthawi ya makedzana ya Anglo-Saxon ataikidwa pamodzi ndi kavalo wake, ndipo mafupawo mungawaone ku Mildenhall Museum. Kufupi ndi siteshoni ija kuli Lakenheath Fen, minda ya kaloti imene bungwe loteteza mbalame la RSPB linaisandutsanso dambo la mbalame kuyambira 1995. Ana akatopa ndi m'nyumba, kumeneko ndi kokawayendetsa.

Okonda kuonerera ndege ali ndi malo awo ovomerezeka pafupi ndi msewu wa A1065, ndipo kujambula muli pamenepo palibe vuto. Koma musaimike galimoto pa zipata, musakwere mpanda, ndipo kandege ka drone kamene mwagulira mwana musakaulutse m'derali. Apolisi salekerera, ndipo mlandu wotere ungakuwonongereni viza.